Kodi tingapite ndi makolo okalamba ku chipululu cha Namib pa galimoto yathu yaing'ono?

Mayi wina wa ku Malawi amene amagwira ntchito ku Johannesburg watilembera motere:

"Makolo anga akubwera kuno ku Joni kudzationa. Ine ndi bambo a kunyumba tikufuna tiwapititse ku Namibia akaone mapiri ofiira a mchenga aja timawaona pa zithunzi. Bambo anga ali ndi zaka 71 ndipo bondo limawavuta, mayi amamwa mankhwala a BP. Tili ndi ana awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 6. Galimoto yathu ndi yaing'ono, si 4x4. Zokwera mapiri sitikuzifuna ayi, tikungofuna kumayenda pa galimoto tikuona malo, kwinaku tikutsika n'kupondapondako pang'ono. Timaganiza zopita pa holide ya Disembala. Bambo angawo akuti iwo ndi a ku Nsanje, kutentha sikungawaopse. Kodi zingatheke, kapena tikudziputira mavuto?"

Mayi, mtima m'malo. Ulendo umenewu ndi wotheka, ndipo pa malo onse otchuka a m'chigawo chino cha Africa, ku Sossusvlei, kumene kuli mapiri ofiira mukunenawo, ndi kumodzi kumene munthu wa bondo lovuta amaona pafupifupi zonse zimene mnyamata wamphamvu amaona. Zambiri zimaonekera pawindo la galimoto. Pa zaka zimene ndakhala ndikuperekeza alendo m'njira zimenezi ndaona agogo a ndodo akubwerako akumwetulira, ndipo ndaonanso anyamata a majimu atagona pansi pa mtengo akulephera kudzutsa mutu. Kusiyana kwawo sikunali mphamvu. Agogo aja anatuluka m'mamawa n'kubwerera dzuwa lisanakwere, anyamatawo anayamba kukwera mchenga cha m'ma 11. Choncho zimene ndikuuzeni pano zambiri ndi za nthawi: mwezi wopitira, ola lotulukira, ndi liwiro loyendera pa msewu wa fumbi.

Tiyambe ndi Disembala wanuyo, chifukwa ndi pamene ndikukutsutsani. Malo mukuwanenawa ali mu Namib-Naukluft National Park, paki ya masikweya kilomita pafupifupi 50,000, kutanthauza kuti ndi yoposa theka la nthaka youma ya dziko la Malawi. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kumeneko kumatha kutentha kupitirira madigiri 40 masana, ndipo mchenga wapamwamba umatha kupitirira madigiri 60. Mthunzi ndi wochita kufunafuna. Mukakhala ndi mwayi wosankha, pitani pakati pa Meyi ndi Sepitembala. Ana a sukulu ku South Africa amakhala pa holide chakumapeto kwa Juni mpaka mu Julayi, ndiye ngati makolo angasunthe ulendo wawo kuti ugwere pamenepo, mwathetsa theka la nkhawa zanu musananyamuke n'komwe. Masana a miyezi imeneyi amakhala ofunda bwino, koma usiku kumazizira koopsa, nthawi zina mpaka kuyandikira ziro. Majuzi, zipewa zaubweya ndi mabulangete musasiye.

Bambo mukawauze mwaulemu kuti za ku Nsanje ndazimva ndipo sindikuwanyoza. Munthu amene analimapo kuchigwa cha Shire mu Okutobala amadziwa dzuwa. Koma kutentha kwa ku Nsanje kumakuchenjeza: thukuta limachita kuyenderera, malaya amanyowa, munthu umadziwa wekha kuti madzi akutha m'thupi. Mpweya wa ku Namib ndi wouma kwambiri moti thukuta limauma likangotuluka. Malaya amakhala ouma gwa, kamphepo kakuwomba, iwe n'kumati zonse zili bwino pamene thupi likutaya madzi mwakachetechete. Pomwe mutu uziyamba kupweteka, mwachedwa kale ndi ola lathunthu. Ndiponso anthu akamakula ludzu salimva msanga ngati kale. Ndiye lamulo la m'galimoto mwanu likhale lakuti aliyense amwe madzi pafupipafupi, kaya ali ndi ludzu kaya alibe. Werengerani malita 4 kapena 5 pa munthu patsiku, ndipo chigubu china cha malita 20 chizikhala m'buti osachikhudza, chodikira tsiku la tsoka. Timapaketi ta Thanzi ORS makolo akubweretsereni kuchokera kumudzi, kapena gulani zofanana nazo ku famase.

Ngati Disembala sangasinthike chifukwa cha ntchito kapena matikiti, sindikuti lekani. Koma tsiku lanu lizitha 10 koloko m'mawa, kenako mubisale m'chipinda chozizira mpaka cha m'ma 5 madzulo, ndipo tenti muiiwale.

Tsopano za kafikidwe. Kuchokera ku Johannesburg kudzera ku Upington, pa chipata cha Nakop ndi Ariamsvlei, kenako Karasburg, Grünau, Keetmanshoop, Mariental ndi Maltahöhe mpaka ku Sesriem, polowera ku Sossusvlei, ndi makilomita oposa 1,700. Ndi okalamba awiri ndi ana awiri, amenewo ndi masiku atatu popita, atatunso pobwerera. Mpaka ku Maltahöhe ndi tala yokhayokha, yowongoka mpaka kugonetsa tulo. Njira ina ndi kukwera ndege ya maola awiri kupita ku Windhoek n'kubwereka galimoto kumeneko, ndipo kuchokera ku Windhoek kufika ku Sesriem ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Muwerengere nokha ndalama, koma powerengerapo muikemo malo ogona a m'njira, mafuta, ndi matayala amene mungawataye. Palinso china chimene kalata yanu sinachitchule: muli anthu asanu ndi mmodzi. Galimoto yaing'ono imakhala ndi malamba asanu. Kupakata mwana pamiyendo pa msewu wa fumbi wa ku Namibia ndi chinthu chimene sindingakuvomerezeni ngakhale pang'ono. Pa chifukwa ichi chokha, kubwereka galimoto ya mipando isanu ndi iwiri, yokwera m'mimba, n'kwanzeru kuposa kukakamira yanuyo.

Si kuti 4x4 ndi yofunikira ayi. Anthu amafika ku Sesriem pa timagalimoto wamba tsiku lililonse. Chimene chimathandiza ndi kutalika kwa galimoto kuchokera pansi ndi matayala olimba, chifukwa miyala ya m'misewu imeneyi ndi yakuthwa. Mukabwereka, funsani bwinobwino ngati inshuwalansi ikuphatikiza matayala, galasi lakutsogolo ndi kunsi kwa galimoto, popeza makampani ambiri zinthu zitatu zimenezi amazipatula. Pemphani sipeya wachiwiri. Muonetsetse kuti jeke ndi sipanala zilimo ndipo bambo a kunyumba ayeseko kuzigwiritsa ntchito pabwalo pomwepo musananyamuke.

Pano ndichedwepo, chifukwa ngozi yeniyeni ya ulendo wanu ili pa msewu wa fumbi, osati pa mchenga wa Sossusvlei. Misewu ya fumbi ya ku Namibia ndi yotakata, yowongoka, ndipo mumatha kuyenda theka la ola osakumana ndi galimoto ina. Zimenezi zimanyengerera phazi. Dalaivala amayamba pa 70, posakhalitsa ali pa 100, kenako 120 osadziwa. Ndiye pamabwera kakona kapena kachigwa ka mtsinje wouma, iye n'kuponda buleki mwamphamvu kapena kukhotetsa chiwongolero modzidzimuka, matayala n'kuterereka pa timiyala, galimoto n'kugubuduzika. Ngozi zambiri za alendo kumeneko zimakhala zoterezi: galimoto imodzi yokha, masana, msewu wopanda munthu. Ine sindipitirira 80 pa fumbi, ndipo pomwe msewu wachita timizeremizere togwedeza mano ndimatsika mpaka 60. Galimoto ikayamba kuvina, chotsani phazi pa mafuta, gwirani chiwongolero ndi manja awiri, musaponde buleki mwadzidzidzi. Tayala likagwera m'mphepete, musalibweze mwamphamvu, libwezeni pang'onopang'ono. Magetsi akhale oyaka ngakhale masana kuti obwera kutsogolo akuoneni m'fumbi, ndipo musapitirire galimoto ina pamene fumbi lake likukutsekani maso. Matayala aphwetseni pang'ono poyerekeza ndi mmene mumapopera pa tala. A pa filing'i siteshoni ya ku Maltahöhe, ku Solitaire kapena ku Sesriem amadziwa mlingo wake ndipo adzakuthandizani.

Usiku musayende, olo mutachedwa bwanji. Nyama zimadumphira mumsewu kukamada. Mafuta thirani paliponse mwapeza pampu, ngakhale thanki ili pa theka. Galimoto ikakufereni panjira, khalani pomwepo pa mthunzi wake, musatume munthu wapansi kukafuna thandizo. Galimoto imaoneka patali kuposa munthu, ndipo m'misewu ikuluikulu monga C14 ndi C19 wina amadutsa ndithu. Netiweki ya foni imaduka m'malo ambiri, ndiye gulani simu ya MTC mukangolowa, koperanitu mapu mu foni, ndipo a pamalo amene mukukagona muwauze njira imene mukudzera ndi nthawi imene mukuyembekeza kufika.

Chosangalatsa n'chakuti ku Namibia amayendetsa kumanzere ngati kwathu ndi ku Joni, ndipo randi imagwira ntchito pa mtengo wofanana ndi dola ya ku Namibia. Ndalama zina zikhale za m'manja chifukwa makina a khadi amadalira netiweki yomwe ija.

Kogona ndi kumene anthu ambiri amalakwitsa pofuna kupulumutsa ndalama. Ku Sesriem kuli mageti awiri. Lakunja limatsegulidwa dzuwa likamatuluka n'kutsekedwa likamalowa. Lamkati limatsegulidwa ola limodzi dzuwa lisanatuluke, ndipo limatsekedwa ola limodzi litalowa. Amene agona pakati pa mageti awiriwa, monga pa kampu ya Sesriem ya Namibia Wildlife Resorts kapena ku Sossus Dune Lodge, amanyamuka kukadali mdima n'kukafika pa mapiri a mchenga dzuwa likungosuzumira. Amene agona kunja amafola pa mzere wa magalimoto kudikira geti, ndipo pofika kumapeto kwa msewu dzuwa lakwera kale. Kwa banja ngati lanu ola limenelo ndi lamtengo wapatali, makamaka m'miyezi yotentha. Koma malo amkatiwa amadzaza miyezi ingapo nthawi isanakwane, ndipo Julayi ndi Ogasiti ndi pamene alendo a ku Ulaya amachuluka. Bukitsani msanga. Mukalephera, pezani malo oyandikira geti lakunja, osati loji yotchipa imene ili makilomita 60 kutali, chifukwa imeneyo idzakukakamizani kuthamanga pa fumbi mumdima.

Ogona usiku umodzi amangothamanga. Gonani masiku awiri, atatu ngati thumba likulola.

Nthawi ya ku Namibia ndi yofanana ndi ya ku Malawi ndi ku South Africa, koma popeza dzikolo lili kumadzulo kwambiri, mu Julayi dzuwa limatuluka cha m'ma 7:30. Bambo anu, amene mwina anazolowera kudzuka ndi tambala, adzadabwa kuona 6 koloko kukadali bii.

Kuchokera pa geti lamkati, msewu ndi wa tala makilomita pafupifupi 60, liwiro lololedwa ndi 60, ndipo umenewu ndiye ulendo mukuufunawo. Msewu umatsata chigwa cha mtsinje wa Tsauchab, umene zaka zambiri umakhala wouma. Poyamba mapiri a mchenga amaoneka patali, kenako amayandikira mbali zonse ziwiri mpaka kukuzingani. Dzuwa likamatuluka, phiri lililonse limagawika pakati: mbali yoyang'ana kum'mawa imayaka psuu, inayo ili yakuda bii, ndipo mzere wolekanitsa mbali ziwirizi umakhota kuchokera pansonga mpaka pansi. Kukongola kumeneku kumakhala kwa ola limodzi kapena awiri basi. Dzuwa likafika pamutu mithunzi imatha, zonse zimangoti mbuu, zithunzi n'kumatuluka zosapatsa chidwi. Kufiirako ndi dzimbiri lenileni, la chitsulo chimene chili mu mchengamo. Mchengawo unachokera kutali: mtsinje wa Orange unaukokolola kuchokera mkati mwa South Africa ndi Lesotho n'kuuthira m'nyanja ya Atlantic, mafunde anaukankhira kumpoto, mphepo n'kuuuluzira kumtunda. Chipululuchi akuti chakhala chouma kwa zaka zosachepera 55 miliyoni, ndipo mu 2013 bungwe la UNESCO linaika nyanja ya mchengayi pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse.

Muziyenda pang'onopang'ono ana akuyang'ana nyama. Mudzaona nthiwatiwa, agwape otchedwa springbok, nkhandwe, ndi oryx, chinyama cha nkhope ya mawanga oyera ndi akuda ndi nyanga zazitali zowongoka, chomwe chili pa chizindikiro cha boma la Namibia. Kawirikawiri chimaima chokha pansi pa phiri la mchenga osatekeseka. Musachiyandikire wapansi, nyanga zimenezo si zokongoletsa.

Pa kilomita ya 45 pali Dune 45, pafupi ndi msewu penipeni. Apa ndi pamene aliyense amaima. Ana ndi bambo awo akwere ngati akufuna; amayenda pamsana pa phirilo, phazi lililonse likubwerera m'mbuyo theka, ndipo ambiri amatenga pakati pa theka la ola ndi ola kuti afike pamwamba. Agogo asakwere. Palibe chimene ataye, chifukwa phirilo limakongola kwambiri ukaliyang'anira pansi, pafupi ndi mitengo ya minga imene ili patsinde pake. M'malo mwake ayende pang'ono m'mphepete ndi adzukulu akuwerenga mapazi pa mchenga. M'mawa mphepo isanafufute, pamakhala timizere ta tizilombo, mapazi a nkhandwe, ndi mkukuluzi wa buluzi. Kukayamba kutentha mungaone kabuluzi kena kamene kamanyamula miyendo iwiri m'mwamba, wakutsogolo umodzi ndi wakumbuyo wa mbali inayo, kenako n'kusinthanitsa kuti kasapse mapazi, ndipo mukakayandikira kamalowa mu mchenga n'kuzimiririka. Ana amakakumbukira kuposa phirilo.

Tala ikatha pali poimika magalimoto wamba. Makilomita 5 otsalawo ndi mchenga wakuya, ndipo ngakhale a 4x4 osazolowera amatitimira pamenepo tsiku ndi tsiku. Musayesere n'komwe. Siyani galimoto, lipirani magalimoto onyamula alendo amene amadikira pomwepo. Amagwedeza kwambiri, ndiye mupemphe kuti bambo akhale kutsogolo ndi dalaivala. Malamulo ndi mitengo ya chigawo chimenechi imasinthasintha, choncho funsani pa ofesi ya ku Sesriem madzulo a tsiku lofikira pamene mukulipira chilolezo cholowera. Onetsani mapasipoti polipira, chifukwa nzika za mayiko a SADC zimalipira zochepa kuposa alendo a kutsidya kwa nyanja.

Funso lovuta ndi la Deadvlei, malo a zithunzi zija: dothi loyera losweka ming'alu, mitengo yakuda youma itaima chilili, kumbuyo kwake phiri lofiira la Big Daddy lotalika mamita pafupifupi 325. Kale mtsinje unkafika pamenepo, mitengo n'kumera. Mchenga utatseka njira ya madzi mitengoyo inafa, zaka 600 kapena 700 zapitazo, koma kuuma kwa malowo kwailetsa kuwola. Kuchokera pomwe galimoto imakutsitsani ndi mtunda wopitirira pang'ono kilomita imodzi, ndiye kupita ndi kubwerera ndi makilomita awiri ndi kakusefukira. Pa msewu wouma si kanthu. Koma uwu ndi mchenga wofewa, pali timitunda tokwera, ndipo mthunzi palibe ngakhale wa tsamba. Bondo limavutika kwambiri potsika ndi pamene phazi likupotoka mu mchenga. Yesani bambo kunyumba kaye: ngati amayenda makilomita atatu pa msewu wa kumudzi osapuma ndipo bondo osatupa mawa lake, Deadvlei aikwanitsa, ali ndi ndodo, akupuma pafupipafupi, atanyamuka isanakwane 9 koloko. Ngati sangathe, musawaumirize ndipo iwo asadziumirize pofuna kuonetsa adzukulu chamuna. Pa Sossusvlei penipeni pali mitengo ikuluikulu ya mthunzi ndi mabenchi. Akhale pamenepo ndi munthu mmodzi, fulasiki ya tiyi ili pambali, mapiri ali mbali zonse. Zaka za mvula yambiri, monga 2011 ndi 2021, mtsinje wa Tsauchab unafika mpaka pamenepo n'kupanga dziwe pakati pa mchenga.

Mukafika ku Deadvlei, mitengoyo musaikhudze, musaitsamire, ana asakwerepo. Big Daddy musiyireni ena. Hidden Vlei nayonso, imene njira yake imayambira poimika magalimoto wamba paja, ndi makilomita awiri kupita kokha, ndipo ndi yabwino kwa inu ndi bambo a kunyumba ngati agogo atsala ndi ana, osati kwa gulu lonse.

Nsapato zikhale zotseka, ndi masokosi. Ndaonapo anthu atavala mapatapata akudumphadumpha pobwerera, mchenga umene unali wozizira 7 koloko utasanduka moto. Chipewa cha khonde lalikulu, malaya a manja aatali opepuka, magalasi a dzuwa, mafuta oteteza khungu ndi opaka pamilomo. Khungu lakuda nalo limapsa ndi kusweka kumeneko. Chitenje cha mayi chidzagwira ntchito zambiri: mthunzi, chotchinga mchenga mphepo ikayamba, ndipo mukachinyowetsa chimaziziritsa munthu amene watenthedwa.

Madzulo pitani ku Sesriem Canyon, makilomita 4 okha kuchokera pa kampu. Ndi chigwembe chimene mtsinje womwe uja unakumba, chakuya mpaka mamita 30, ndipo pena chimapanikizana moti makoma ake amapereka mthunzi. Potsikira pali masitepe a miyala osalingana, ndiye bambo agwiridwe dzanja, koma pansi pake ndi poyendeka bwino ndipo mumabwerera pamene mwafunira. Mukamva kuti kumapiri a Naukluft kwagwa mvula, musalowemo, madzi amabwera mwadzidzidzi ngakhale pamwamba panu pali dzuwa. Pokaonera kulowa kwa dzuwa, Elim Dune ili pafupi ndi geti. Za njira zoyenda wapansi za kumapiri a Naukluft, wina akakuuzani kuti Olive Trail ndi yaifupi musamvere: ndi makilomita 10, ndipo pena munthu amadutsa pakhoma la thanthwe atagwira tcheni. Waterkloof ndi makilomita 17. Zimenezo si za ulendo uno.

Masiku akakhalapo, pitirirani mpaka kunyanja. Kuchokera ku Sesriem kupita ku Solitaire ndi makilomita pafupifupi 80. Solitaire ndi kamalo ka pampu ya mafuta, bekale yotchuka ndi keke ya maapozi, ndi magalimoto akale adzimbiri amene ana amakonda kujambulitsapo. Dzazani thanki, chifukwa makilomita pafupifupi 230 otsatira pa C14 mpaka ku Walvis Bay mulibe mafuta. Mudzadutsa chikwangwani cha Tropic of Capricorn, kenako zigwembe za Gaub ndi Kuiseb, kumene msewu umakhotakhota ndipo pamafunika giya yotsika. M'chigwembe cha Kuiseb ndi mmene akatswiri awiri a miyala a ku Germany, Henno Martin ndi Hermann Korn, anabisala zaka zoposa ziwiri pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse pothawa kutsekeredwa. Mukaima pamwamba n'kuyang'ana malowo mudzadzifunsa kuti ankadya chiyani. Msewu umenewu umagwedeza kwambiri m'madera ena, ndiye upatseni maola asanu ndipo nyamukani m'mawa. Ngati mukupita ku Sesriem kuchokera ku Windhoek, ena adzakuuzani za njira ya Spreetshoogte Pass. Pamwamba pake pamaoneka chipululu chonse, koma kutsetsereka kwake ndi koopsa moti malole ndi magalimoto okoka ngolo saloledwa. Dalaivala wosazolowera kutsika ndi giya m'malo mwa buleki adzere ku Remhoogte.

Mukayandikira nyanja kumazizira mwadzidzidzi ndipo nthawi zambiri kumakhala chifunga. Madzi ozizira a Benguela ochokera kumwera ndi amene amaletsa mvula m'mbali mwa nyanjayi, komanso ndi amene amabweretsa chifunga chimene zamoyo za m'chipululu zimamwa. Pali kachikumbu kena kamene kamakwera pamsana pa mchenga m'mamawa, n'kuzondoka mutu pansi, kuti madontho a chifunga atsetserekere kukamwa kwake. Pafupi ndi Swakopmund pali ulendo wina wa pa galimoto wa theka la tsiku, wa Welwitschia, wodutsa pa Moon Landscape ndi pa Goanikontes m'mbali mwa mtsinje wa Swakop. Chilolezo chake mumagula ku ofesi ya unduna woona zachilengedwe ndi zokopa alendo ku Swakopmund. Kuyenda wapansi kulibe, mumangotsika, kuona, n'kukweranso. Welwitschia ndi chomera chimene chimakhala ndi masamba awiri okha moyo wake wonse, amene amang'ambikang'ambika n'kuunjikana pansi, ndipo zina zakhala zaka zoposa 1,000. Kunena zoona si chokongola, mayi anu mwina adzafunsa ngati mwawayendetsa mtunda wonsewo kudzaona chimenechi. Musaponde mkati mwa miyala imene anazunguliza chomeracho, ndipo galimoto isachoke mumsewu, chifukwa mapazi a matayala pa nthaka imeneyo amakhala zaka zambiri osafufutika.

Zoluma zilipo koma si zodetsa nkhawa kwambiri. Zinkhanira za mchira wonenepa ndi zoopsa, makamaka kwa ana ndi okalamba, ndiye usiku aliyense avale nsapato ndi kunyamula tochi, m'mawa kukutumula nsapato asanavale, ndipo ana asamatembenuze miyala ndi manja. Mwana akalumidwa, kapena munthu aliyense akalumidwa ndi njoka, musadikire kuona ngati zikula, musatemere, uzani a pa loji nthawi yomweyo. Malungo m'chigawo chimenechi si nkhani. Ali kumpoto kwa dzikolo.

Za thanzi la makolo, apa mpofunika dokotala osati ine. Mayi akaonane ndi dokotala milungu ingapo ulendo usanafike, atanyamula mankhwala awo onse, ndipo anene mosabisa kuti akupita kumalo otentha ndi ouma, kutali ndi chipatala. Mankhwala ena a BP ndi okodzetsa, ndipo pamalo otere amatha kutsitsa madzi m'thupi mpaka munthu kuchita chizungulire akamadzuka. Asasiye kapena kuchepetsa okha, dokotala ndiye anene chochita. Bambo nawo afunse za mankhwala a bondo, chifukwa madokotala amachenjeza kuti ibuprofen ndi diclofenac zimalemetsa impso munthu akakhala wopanda madzi okwanira m'thupi. Ngati mmodzi wa iwo ali ndi shuga, kapena anadwalapo mtima kapena sitiroko, chilolezo cha dokotala chikhale choyamba musanalipire chilichonse. Mankhwala anyamule opitirira masiku a ulendo, m'chikwama cha m'manja, osawasiya m'galimoto yotsekedwa padzuwa.

Muli komweko, munthu akayamba kudandaula mutu, nseru, kufooka kapena kukokana kwa minofu, ulendo wa tsikulo wathera pomwepo: mthunzi, kumasula zovala, chitenje chonyowa, Thanzi pang'onopang'ono. Koma akayamba kulankhula zosamveka, kusokonezeka, kusanza chilichonse chimene wamwa, kukomoka, kapena kumva kupweteka pachifuwa ndi kubanika, imeneyo ndi ngozi ya moyo. Muziziritseni ndi madzi thupi lonse, musamumwetse ngati sakudziwa bwino zimene zikuchitika, ndipo itanani thandizo kudzera kwa madalaivala a pakiyo kapena a pa loji. Zipatala zazikulu zili ku Windhoek ndi kugombe ku Walvis Bay ndi Swakopmund, maola ambiri pa galimoto, n'chifukwa chake odwala kwambiri amanyamulidwa pa ndege. Gulani inshuwalansi ya paulendo imene ikunena momveka kuti imalipira ndege yoteroyo, ndipo muulule zaka za makolo ndi matenda awo, apo ayi kampani idzakana kulipira pa nthawi imene mukuifuna. Medical aid yanu ya ku Joni mwina imakuphimbani inu ndi ana, koma makolo ochokera ku Malawi sali m'menemo.

Mapepala muyambe kukonza pano. A pasipoti ya Malawi akhala akulowa ku Namibia kukacheza popanda viza, koma dzikolo linasintha malamulo ake a viza mu 2025 kwa mayiko ena, ndiye imbani ku ofesi ya kazembe wa Namibia ku Pretoria mutsimikize za pasipoti iliyonse m'banjamo. Mapasipoti akhale ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsala ndi masamba opanda kanthu. Ana anyamulireni zikalata zakubadwa zoonetsa mayina a makolo onse awiri. Onaninso masiku amene makolo anapatsidwa polowa mu South Africa, ndi mapepala anu okhalira m'dzikomo, kuti pobwerera pasakhale chokukolani pa chipata. Mukasankha kupita pa galimoto yochokera ku Joni, pamafunika pepala la umwini wake, kalata ya banki ngati ikadali pa ngongole kapena ya kampani ngati ndi yobwereka, ndi ndalama ya msewu imene magalimoto akunja amalipira polowa. Lisiti lake lisungeni, apolisi a pa rodibuloko amalifunsa.